Mazira Asanu a Maureen

Zilembo zofiira zinatulukanso, ndipo kalasi yonse inaziona chifukwa a Petrakis anali atalumikiza kompyuta ija ku sikirini yaikulu ya pakhoma. Seini Taufa anangoti njo kutsogolo, zala zili pamabatani. Anali atangotha milungu itatu pasukulupo. Anachokera ku Tonga, dziko la zilumba lakutali, kudzakhala ndi amayi ake, omwe ankagwira ntchito kushedi yolongedza malalanje, ndipo chibadwire anali asanalembepo pulogalamu ya kompyuta.

Ntchito yake inali yotere. Kufamu ya sukulu kunali makina oswetsa mazira. M'makinamo munali mathireyi atatu osanjikizana, thireyi iliyonse mizere inayi, mzere uliwonse mazira sikisi. Ana a kalasi naini anauzidwa kuti alembe pulogalamu yosunga mbiri ya dzira lililonse. A Petrakis ankaphunzitsa zaulimi ndi zamakompyuta zomwe, poti sukulu zakumudzi kuno mphunzitsi mmodzi amasenza zonse.

"Tamverani nonse," anatero a Petrakis. "Mzere umodzi wa mazira ndi mndandanda. Kuti upeze dzira mumzere, nambala imodzi yakwana. Thireyi ndi mndandanda wa mizere, ndiye pafunika manambala awiri: mzere uti, dzira liti. Makina onsewa ndi mndandanda wa mathireyi. Apo manambala atatu. Thireyi, mzere, dzira, chachikulu patsogolo. Ukasinthanitsa wapita kwina. Zimenezi Seini wazimva bwino. Ndamuuza kuti andionetse dzira loyamba la m'thireyi yapansi, iye walemba mazira[3][1][1]. Nanga bwanji kompyuta ikuti thireyi imeneyo kulibe?"

Asanapitirize, munthu anagogoda pachitseko. Nkhosa ina kukhola inali itavutika pobereka. A Petrakis anatenga chipewa chawo.

"Bronte, mnzako pantchitoyi ndi ameneyu. Mufotokozere. Ndi nkhani ya mphindi imodzi."

Bronte Hallam anali katswiri wa kalasilo ndipo ankadziwa zimenezo. Anadikira kuti chitseko chitsekeke, kenako anatembenuza mpando wake pang'onopang'ono kuti aliyense amuone.

"Ukufuna yankho, mlendo?"

"Eya, chonde," anatero Seini.

"Yankho lili m'mutu mwakomo. Ziro."

Kalasi inafa nalo phwete. Anzakewo anadziwa kuti m'chipongwemo munali yankho lenileni, n'chifukwa chake chinawakomera kwambiri. Seini anangomva kutukwanidwa basi. Anabwerera pampando wake, ndipo pofika nthawi yachakudya chamasana dzina lake linali Ziro. Ana sachedwa pa zinthu zotere. Uwatume kutsuka mbale, tsiku lonse. Koma dzina lonyoza limazungulira sukulu belu lisanalire.

Tsono Bronte anali ndi chinthu chimodzi chimene ankachikonda koposa kutamidwa. Inali nkhuku yake yaikazi, dzina lake Maureen. Anailera kuyambira ili mwanapiye, ndipo inapata riboni ya mphoto kawiri pachionetsero cha zaulimi cha m'tauniyo. Mlungu womwe makina ankayatsidwa, nkhandwe inakumba pansi pa waya wa khola n'kusiya nthenga zokha pabwalo. Bronte analira masiku awiri. Zomwe zinatsala anali mazira sikisi amene Maureen anaikira mlungu umenewo. Bronte anawatengera kusukulu atawakulunga m'juzi, ndipo anawaika yekha pamalo omwe ankati ndi aulemu: thireyi yapamwamba, mzere woyamba, onse sikisi. Seini sanauzidwe. Ankauzidwa chiyani ngati?

Pantchito yawo ya awiri, Seini sankaloledwa kukhudza kompyuta. "Ungaithyole," ankatero Bronte. Laputopu yake ya sukulu inali isanafike. Kufunsanso a Petrakis ankachita manyazi, ndipo iwo ankayesa kuti nkhani ija inatha tsiku lomwelo. Anzake a m'kalasi nawo sankafuna kuyambana ndi Bronte chifukwa cha mlendo.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri chiyatsire makina anaunika mazira ndi tochi m'kachipinda kamdima, kuti aone okhala ndi mwanapiye ndi opanda kanthu. Tsiku lakhumi anaunikanso. Maulendo onse awiri Bronte anauza a Petrakis kuti Seini amaopa mdima, n'kumutuma kukatsuka zomwera za nkhuku. A Petrakis anapereka pensulo kuti dzira lokayikitsa alilembe chizindikiro pachikhokho. Bronte anaiponya m'thumba.

"Kompyuta ikukumbuka zonse, aphunzitsi. Zamapensulo n'zamakedzana."

Dzira lopanda mwanapiye silisiyidwa m'makina. Limawola, n'kuphulika, n'kupha anzake. Choncho m'mawa wa tsiku lotsatira pulogalamu ya Bronte inasindikiza mazira omwe anaoneka opanda kanthu maulendo onse awiri. Analipo asanu, onse a mzere umodzi, ochokera kwa mlimi wina amene tambala wake anali atakalamba. Papepalapo panalembedwa motere:

[1][1][1]
[1][1][2]
[1][1][3]
[1][1][4]
[1][1][5]

"Awiri inu mukawachotse nthawi yopuma, mukawataye kudzenje," anatero a Petrakis, n'kuthamangira kukalasi lina.

Ntchito yonunkha Bronte sankaifuna. Anamupanikiza pepala lija Seini pachifuwa. "Kuwerenga manambala umatha, eti? Kapena ndikujambulire?"

Seini anapita yekha kufamu. Anaima patsogolo pa makina aja nthawi yaitali, akuyang'ana pepala, akuyang'ana mathireyi. Mwana uja sanali wopusa. Anakumbukira zilembo zofiira zija. Ngati mathireyi alipo atatu koma kompyuta inakana nambala 3, ndiye kuti penapake kawerengedwe kake kanali kosiyana ndi ka anthu. Sanatsegule makinawo. Anayenda ulendo wonse kubwerera kubwalo, kumene Bronte anakhala pabenchi ndi gulu lake akudya zitumbuwa zanyama zakukantini.

"Bronte, pepa. Ndingofunsa kamodzi."

"Anzanga, Ziro ali ndi funso. Khalani chete, mwina tiphunzirapo kanthu."

"Wani ameneyu," anatero Seini, akuloza papepala, "ndi thireyi yapamwamba, kapena yapakati?"

Bronte anamva funsolo bwinobwino. Tisamunamizire kuti sanamve. Anadziwa yankho, ndipo anaona pomwepo kuti Seini watsala pang'ono kulipeza yekha. Zimenezo sizinamusangalatse. Anaganiza kuti mlendoyu akataya mazira olakwika, a Petrakis amuchotsa pantchitoyo, ndipo ntchitoyo ikadzaonetsedwa pachionetsero padzalembedwa dzina lake lokha. Mazira a ndani atayidwe, sanawerengere. Zinali za eni ake.

"Kwanu ku Tonga mumayamba kuwerenga ndi chiyani? Kokonati?"

Gulu lija linaseka mpaka wina anatsamwa.

"Ndikungofuna ndisalakwitse."

"Wani ndi wani, Ziro. Mwana wa ku mkaka amadziwa. Ngati zakuvuta pita ukathandize amako kulongedza malalanje, kumeneko safunsa masamu."

Seini anapinda pepala lija kanayi. Sanalire pamaso pawo. Anatembenuka, ndipo khoko la lalanje limene Bronte anaponya linamumenya pamsana akuchoka.

Anachita ndendende zomwe anauzidwa. Wani ndi wani. Thireyi yoyamba, yapamwamba. Mzere woyamba. Dzira loyamba mpaka lachisanu. Mazira onse m'makinamo anali ofiirira, ofanana, opanda chizindikiro. Anawaika m'ndowa asanuwo ali ofunda, anatseka makina msanga monga anaphunzitsidwira, n'kupita kudzenje kuseri kwa khola la nkhosa. Anapendeketsa ndowa.

Ankayembekezera fungo. Fungo kunalibe. M'malo mwake panali magazi, timitsempha tofiira, ndi tinthu tating'ono topindika, kalikonse ndi diso lakuda lalikulu kuposa mutu wake. Kamodzi kanagwedezeka kawiri, kenako kanasiya.

Seini anathamanga kukaitana a Petrakis.

Pomwe Bronte ankafika kufamu, theka la kalasi linali litazungulira dzenje. Iye anabwera akumwetulira pang'ono, wokonzeka kunamizira kudabwa. Analowa m'chipinda cha makina, n'kusuzumira pagalasi. Thireyi yapakati inali yodzaza, mazira owola aja ali phee m'malo mwawo. Thireyi yapamwamba, mzere woyamba, munali mabowo asanu ndi dzira limodzi kumapeto.

Apo m'pamene anachita masamu amene anayenera kuchita pabenchi paja. Munthu wowerenga kuyambira wani salakwitsa nambala imodzi yokha. Amalakwitsa onse atatu. Thireyi imabwerera m'mbuyo, mzere umabwerera m'mbuyo, dzira limabwerera m'mbuyo. Ndipo kumbuyo kwa [1][1][1] kuli [0][0][0], pakona penipeni pomwe iye mwini anaika dzira loyamba la Maureen.

Kukuwa kwake kunamveka mpaka kubwalo la mpira.

"Wapha nkhuku zanga! Mbuli iwe! Chitsiru! Bwerera kwanu!"

Anathamangira kudzenje kuja, anamudumphira Seini n'kumugwira tsitsi. A Petrakis anawalekanitsa ndi dzanja limodzi, poti munthu wozolowera nkhosa savutika ndi ana awiri.

"Seini, sunadziwe kuti kompyuta imayamba ndi ziro?"

"Ayi, aphunzitsi."

"Bwanji sunafunse?"

"Ndinafunsa."

A Petrakis anayang'ana gulu lija. Ana omwe anaseka pabenchi paja tsopano ankayang'ana nsapato zawo. Mmodzi, amene anatsamwa uja, analankhula chapansipansi. "Anafunsadi, aphunzitsi. Bronte anati wani ndi wani."

A Petrakis anavula chipewa, anapukuta nkhope, n'kuchivalanso. "Inenso ndalakwa, sindinabwererenso kudzaona ngati wamva. Koma iwe Bronte, kufamu kuno usapondeko mpaka mazira ataswa."

Madzulo amenewo mayi ake a Bronte, a Narelle, anafika kunyumba mapazi atatupa. Nawonso ankagwira ntchito kushedi ya malalanje komweko, ngakhale Bronte sankakonda kuzitchula kusukulu. Anathira madzi ofunda m'beseni, anakhala pampando wa kukhitchini, n'kuviika mapazi. A Petrakis anali atawaimbira kale foni.

"Amayi, mawa mupite kusukulu. Mukawauze amuchotse mtsikana ameneyo. Wapha ana a Maureen."

"Ndaima maola naini lero. Usandikuwire."

"Koma amayi!"

"Tatenga makatoni a mazira ali pamwamba pa firiji apo. Atatu. Asanjike apa."

Bronte anawasanjika patebulo, akufwenthera.

"Ine sukulu sindinapite nayo patali. Zamakompyuta zanuzo sindizidziwa. Ndionetse. Wani ndi iti?"

"Yapakatiyi."

"Chifukwa?"

"Chifukwa kompyuta siwerenga kuti choyamba, chachiwiri. Imawerenga kuti uyende kangati kuchoka poyambira. Katoni yapamwambayi ndi poyambira, sunayende, ndiye ndi ziro. Ukatsika kamodzi, wani. Ukatsika kawiri, thu. Fili kulibe, wagwa pansi."

"Nanga mizere?"

"Chimodzimodzi. Ukatsegula katoni, mzere woyamba ndi ziro. Mumzeremo dzira loyamba ndi ziro. Paliponse umayambiranso pa ziro."

A Narelle anatsegula katoni yapakati. Anadumpha mzere woyamba, n'kuika chala pabowo lachiwiri la mzere wachiwiri. "Ndiye wani, wani, wani ndi apa."

"Eya."

"Basi?"

"Basi."

A Narelle anayang'ana wotchi ya pachitofu. "Mphindi imodzi siinakwane. Ine, wotopa, mapazi ali m'madzi, ndamva."

Bronte anatseka katoni ija. A Narelle anapitiriza.

"Tsiku langa loyamba kushedi kuja ndinasokoneza mabokosi a lole yathunthu. Amene anasiya tiyi wake kudzandionetsa anali mayi ake a mwana ameneyo. Ndinafunsa funso limodzi kanayi. Kanayi konse anandiyankha. Mawa ndikaima nawo pa lamba mmodzi woyendetsa malalanje maola naini, ndipo akudziwa zomwe mwana wanga ananena za malalanje. Ukufuna ndipite kusukulu? Ndikanene kuti chiyani?"

"Sindinadziwe kuti akhala a Maureen."

"Ndamva. Akanakhala a mwana wina, bwenzi ukudya bwinobwino pano." Anatulutsa phazi limodzi m'madzi, n'kuliyang'ana. "Patse thaulo. Ukatero usende mbatata."

M'mawa mwake Bronte anamupeza Seini pamalo osungira zikwama. Anali atakonzekera mawu njira yonse m'basi.

"Ndimafuna ndikufotokozere za ziro zija. Kompyuta imawerenga kuti..."

"Ndikudziwa," anatero Seini, osamuyang'ana. "Ndinaphunzira kudzenje."

Anatseka chikwama chake n'kumapita. Tsiku lomwelo anapempha a Petrakis kuti azigwira ntchito yekha, ndipo anamulola. Laputopu yake itafika, chinthu choyamba chimene anakonza chinali pepala lija. Pulogalamu yake inkawonjezera wani pa nambala iliyonse isanasindikize, n'kulemba m'mawu kuti thireyi yachiwiri kuchokera pamwamba, mzere wachiwiri, dzira lachiwiri, kuti aliyense wonyamula ndowa amve.

Bronte anakhala masiku khumi osaponda kufamu. Ankawerenga masiku pakalendala ya kukhitchini. Pa tsiku la khumi ndi chisanu ndi chitatu anakumbukira chinthu china. Tsiku limenelo mazira amachotsedwa m'mabowo mwawo n'kugonekedwa pamodzi m'thireyi yoswera. Anapiye akaswa amayendayenda, n'kusakanikirana. Sipakhalanso thireyi, mzere kapena nambala. Dzira la Maureen lotsala lija linalibe chizindikiro, poti pensulo inali ikadali pansi pa thumba lake. Mwana mmodzi wa Maureen akanasowa pakati pa anapiye makumi asanu ndi limodzi ofanana.

"Kapemphe," anatero a Narelle.

"Ndikapemphe ndani?"

"Ukumudziwa. Ndi amene wapatsidwa ntchito yosamutsa mazira."

Bronte anayesa. Kawiri konse anafika pafupi ndi Seini pakhonde, ndipo kawiri konse anatembenuka n'kubwerera. Munthu amene unamuponyera khoko la lalanje umayamba bwanji kumupempha kanthu? Sanapemphe.

Tsiku loswa, kalasi yonse inadzaza m'chipinda cha makina. Munali phokoso la anapiye ndi la ana, ndipo sunkadziwa kuti osokosa kwambiri ndi ati. Bronte analowa pomalizira, n'kuima kumbuyo. A Petrakis anatulutsa thireyi yoswera. Anapiye anali piringupiringu, kupondana, kugwa, kudzuka, monga momwe iye ankaopera.

Koma pakona panali kathumba kaukonde kofiira, kaja amalongedzamo malalanje, komangidwa kukamwa ndi ulusi. M'katimo munali zikhokho ziwiri za dzira limodzi ndi mwanapiye wofiirira, wouma kale, akujompha ukondewo mokwiya. Pa ulusipo panali kapepala kolembedwa ndi pensulo: [0][0][5].

A Petrakis anamasula kathumbako n'kumuika mwanapiyeyo m'manja mwa Bronte. "Si ine ndinaganiza zimenezi," anatero.

Bronte anayang'ana uku ndi uku. Seini anali atatuluka kale, ndowa ili m'manja, akupita kukataya zikhokho. Bronte anamutsatira mpaka pakhomo, mwanapiye ali pachifuwa.

"Seini."

Kanali koyamba kutchula dzinalo. Linamveka lachilendo m'kamwa mwake.

Seini anaima, koma sanatembenuke thupi lonse. "Sindinachitire iwe. Kanalibe mlandu."

"Pepa. Zonse zija. Pepa."

"Ndamva."

Anapitiriza ulendo wake. Njira ya kudzenje imadutsa pafupi ndi bwalo la ana a kalasi seveni, ana omwe sanakhalepo m'kalasi la a Petrakis, osadziwa za mathireyi kapena za zilembo zofiira. Mmodzi anamuona Seini ndi ndowa yake, n'kugunda mnzake ndi chigongono.

"Ziro! Ziro, wanyamula chiyani lero?"

"Siyani!" anakuwa Bronte. "Dzina lake ndi Seini!"

Anawo anamuyang'ana modabwa, kenako anaseka, poti aliyense pasukulupo ankadziwa amene anayambitsa dzinalo. Anayamba kuliimba onse pamodzi, akuwomba m'manja, ndipo ena a kutsidya kwa bwalo analandira. Seini anayendabe osafulumira, msana uli chilili, mpaka anakhota kuseri kwa khola la nkhosa.

Bronte anatsala pakhomo paja. Mwanapiye uja ankalira m'manja mwake, kufunafuna anzake.